Musachoke Panjanji

Mzuzu muno mulibe njanji, ndipo sinakhalemo n'kale lomwe. Koma m'masiku aja a chipani chimodzi, mukanafika ku Katoto n'kufunsa kuti kodi a Njanji amakhala pati, akanakulozerani osaganiza n'komwe: nyumba ya boma yakumapeto, yoyang'anana ndi tchalitchi, pomwe pakhonde pamakhala mkulu wovala chijasi chakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Dzina lawo lenileni anali a Zebedee Chapotera, kwawo ku Bilila, kumunsi kwa mapiri a ku Ntcheu. Bambo awo anasenzako miyala pomwe njanji inkapita ku Salima, ndipo iwo anabadwira m'kamsasa ka antchito, sitima ikudutsa kuseri kwa khitchini. Ndevu zisanamere anali atalembedwa kale ntchito yoyendera njanji. Ntchitoyo inali yosavuta kuifotokoza koma yowawa kuigwira. Umadzuka mbandakucha, nyundo paphewa, sipanala m'manja, mbendera yofiira m'thumba, n'kumayenda pakati pa zitsulo ziwiri zija, kugogoda apa, kumanga bawuti apo, kuyang'ana ngati madzi sanakokolole dothi pansi. Ukapeza choipa, umaimika mbendera kuti sitima iime. Anayenda choncho mpaka anakhala kapitawo, wokhala ndi anthu ake ndi troli yake, kangolo kopalasa ndi manja kaja.

Nkhani za njanji ndiye musawayambe dala, mukanagona ndi njala. Ankayambira ku Nsanje, kuja azungu ankati Port Herald, n'kukwera nanu mapiri mpaka ku Limbe. Musanapume ankakubwezani kumunsi kukakuonetsani mlatho wa pa Zambezi, umene ankati munthu ukauyamba wapansi umafika tsidya linalo utaiwala chimene watsata. Akatero ankakukwezani ya ku Balaka, ya ku Salima, kenako ya ku Nayuchi yopita kunyanja ya mchere, imene iwo eni anayala nawo m'madambo odzaza udzudzu. Chala chawo chinkajambula zonsezi pafumbi, ndipo nthawi zonse chinkathera kumpoto. Ankati njanji yafika kale ku Lilongwe, ndiye ikhoteranso kuti ngati si kuno?

Anthu a ku Katoto, ndi chipongwe chawo chaulemu chija, ankawapatsa moni wa m'mawa n'kuwonjezera kuti, “Sitima yizenge pauli, adada?” kufunsa m'Chitumbuka kuti sitima ibwera liti. Iwo ankayankha m'Chichewa chawo chosasakaniza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Njanji itachoka ku Lilongwe n'kulowera ku Mchinji, anakwiya ngati wina wawalanda munda, koma sanasiye kulosera.

Mkazi wawo, mayi Lenia, anawapeza panjanji pomwepo. Ali mnyamata anawatumiza kumunsi, kupitirira malire, chifukwa masiku amenewo antchito a kuno ankasamala njanji mpaka kukafika pamlatho. Pa kasiteshoni kena kakang'ono, kopanda ngakhale denga la anthu odikira, panali mtsikana Wachisena wogulitsa nsomba zowamba. A Zebedee anagula nsomba mpaka anzawo anayamba kuwafunsa ngati akuweta mphaka. Mapeto ake anapereka zoyenera kwa akuchikazi, n'kumukweza mtsikanayo pa troli, mtolo wake pamiyendo. Mtsikanayo anali munthu wosalankhulalankhula, koma akagwira mawu a munthu ankawasunga ngati mbewu.

Tsono mvetsani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chaka china, mwana wawo Percy akadali kumsana, mayi Lenia ankachokera kwawo pa sitima, mvula ili pachimake. Mtsinje wa Ruo unasefukira, madzi n'kudula njanji kutsogolo ndi kumbuyo, sitima n'kuima pakati pa dambo. Njala itawawa, anthu ena anatopa kudikira. Anati tidziwa njira yachidule, n'kutsika kulowa m'bango. Ena mwa iwo sanaonekenso, kaya ndi madzi kaya ndi ng'ona. Mayi Lenia anatsala pamtumbira wa njanji ndi mwana wawo, chifukwa amuna awo anali atawauza kalekale lamulo la anthu a njanji. Madzi atayamba kuphwa, chinthu choyamba kutulukira chinali troli, ndipo wopalasa kutsogolo, malaya atavula, anali a Zebedee.

Lamulolo linali lakuti, zikavuta paulendo, usachoke panjanji. Njanji amaimanga pamalo okwera, sisochera, ndipo ngakhale zitavuta bwanji, woyendera amabwera ndithu. Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewa anasanduka malonje a m'nyumba mwawo. Mayi Lenia akamapita ngakhale kuchigayo, amuna awo ankati musachoke panjanji, onse n'kuseka. Percy anakula akuwamva mpaka kumutopetsa.

A Zebedee atapuma pantchito, miyendo itayamba kutupa ndi nyamakazi, Percy anawatenga onse awiri. Iye anali kalaliki m'boma, atamutumiza ku Mzuzu, komwe anakwatira Marjorie, mwana wa ku Ekwendeni. Kunena zoona a Zebedee sanaukonde mzinda uno. Ankadandaula chifunga, ankadandaula kamvula kosatha kaja, ankadandaula kuti munthu ungagone bwanji kumalo kopanda kulira kwa sitima. Chinawatonthoza ndi chinthu chimodzi. Pamtengo wa patchalitchi panapachikidwa chidutswa cha njanji, chachitali ngati mkono, chimene chinkagwira ntchito ya belu. Amene anachibweretsa palibe ankamudziwa. A Zebedee atachiona anachisisita ngati mwana wotayika, ndipo pasanathe mwezi akulu a mpingo anawapatsa udindo woimba belu, poona kuti ngakhale akanawakaniza sakanamva. Ankaliimba ndi bawuti wamkulu amene anachoka naye kuntchito. La mapemphero ankaliimba mofulumira, la maliro kamodzikamodzi, kudikira kuti kulira kuzirale asanamenyenso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera uthenga wakuti amayi awo a mayi Lenia adwala kwambiri kumudzi kuja, ndipo Annie, mng'ono wa mayi Lenia, sangathe yekha. Nthawi imeneyo mphekesera zinali zitayamba kale zakuti kutsidya kwa malire sikuli bwino, kuti anthu a mfuti akumatchera sitima. Percy anakaniza. Marjorie anakaniza. Koma mayi wako ndi mayi wako, ndipo a Zebedee, m'malo mothandiza kukaniza, ndiwo anakhala patsogolo kulongosola ulendo. Anati basi mpaka ku Nkhata Bay, sitima ya pamadzi mpaka ku Chipoka, ya pamtunda mpaka ku Limbe, kusintha, kenako kutsetsereka mpaka kwawo. Anatchula mayina a magadi ndi akuluakulu a masiteshoni amene akawathandize m'njira. Ankanyadira, osabisa, kuti mkazi wawo ayenda dziko lonse pamsana pa ntchito ya manja awo.

Kudepoti, achinyamata a chipani ataona makadi awo n'kuwalola kulowa, mayi Lenia anakhala pawindo, duku lawo lobiriwira kumutu. A Zebedee anagogoda galasi ndi chala.

“Mayi a Percy, zikakavuta kumeneko mukudziwa chochita. Musachoke panjanji. Ndidzakupezani.”

“Ndamva, bambo a Percy,” anatero mayiwo, ndipo ulendo uno sanaseke.

Miyezi yoyamba mauthenga ankabwera, ongopatsirana pakamwa kuchokera kwa gadi uyu kupita kwa kondakitala uyo. Afika bwino. Odwala akadali moyo. Odwala atisiya, ayembekeza kumeta kuti abwerere. Kenako zii. Sitima zinaleka kuwoloka malire. Palibe analengeza, wailesi inkangoimba nyimbo zake zotamanda ndi kunena za chitukuko, koma mchere unayamba kusowa m'masitolo, palafini naye, ndipo magalimoto ankagona pamzere kudikira mafuta. Munthu wa njanji safunika kumuuza tanthauzo la zimenezo.

A Zebedee anayamba kufunsa. Ankafunsa kumsika, kudepoti, kwa aliyense amene wamveka kuti wachokera kumwera. Ankafunsa mokweza, poti makutu anali atayamba kugontha, ndipo mawu akuti nkhondo ankawatchula poyera ngati akutchula chimanga. Anthu ankangoti yewo, adada, n'kusuntha msanga. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha funso lokha. Percy anaitanidwa ndi mkulu wake kuntchito, n'kuuzidwa mwaulemu kuti madala akunyumba akulankhula kwambiri zinthu za m'mayiko a eni. Anabwerera nkhope ili gwa, n'kuwapempha bambo ake, atagwada, kuti atseke pakamwa ngati akufuna kuti adzukulu awo azidya. Musamuweruze Percy. Nayenso anali mwana wofuna mayi ake, kungoti anali ndi mantha.

Mdalayo anamvera, koma mwa njira yake. Anasiya kufunsa, n'kuvala chijasi chake, n'kunyamuka. Anatsata njira yomwe ija anamulongosolera mkazi wake, basi, sitima ya pamadzi, ya pamtunda. Magadi amene ankawadziwa ambiri anali atapuma kapena kuchotsedwa, poti ntchito inali itachepa. Ku Limbe anaona mabogi ali ndandanda, udzu ukumera m'mawilo. Anafika mpaka kusiteshoni yomaliza ya kumalire. Kumeneko njanji inkapitirira ndithu, zitsulo ziwiri zija zikulowa m'tchire, koma zitachita dzimbiri, mpaka chitedze chitayangapo. Anapempha troli, anthu anawaseka. Anati basi ndiyenda wapansi, ndayendamo moyo wanga wonse. Sanapite patali. Asilikali anawabweza, mmodzi atawagwira dzanja ngati mwana, akuti agogo, kutsogoloku munthu sapondako, pansi pali zoopsa. Anakhala pabenchi ya siteshoniyo masiku angapo, akuyang'ana kumwera, mpaka Percy anachita kupempha tchuthi kudzawatenga.

Anabwerera ku Katoto atachepa thupi. Nkhani za njanji anasiya. Anthu nawo anasiya kuwafunsa za sitima, chifukwa chipongwe chimakoma pamene mwini wake akuyankha. Chimene sanasiye ndi belu, komanso chikhulupiriro chawo. Marjorie akawapatsa tiyi ankamuuza kuti, apongozi ako ndi munthu womvera, ali pamalo pomwe ndinawauza, tsiku lomwe njanji idzatsegulidwe troli yoyamba idzawapeza. Mawu amenewa ndiwo ankawadzutsa m'mawa. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukatanso.

Tsono onani mmene dziko limasekera munthu. Njanji zonse za kunyanja ya mchere zitatsekeka, katundu wa dziko lino anayamba kudzera kumpoto, pamsewu wochokera ku Tanzania. Mzuzu uja ankati ngwakutchire anadzaza zimalole za mafuta, zikubuma usana wonse. A Zebedee ankazitukwana chamumtima, ankati chimene bogi imodzi inkanyamula chikufuna malole mudzi wathunthu. Koma ndi imodzi mwa malole omwewo imene inawabweretsera Amon.

Amon anali mmodzi wa anyamata awo a pa troli kalelo, tsopano bambo wa imvi zake, woyendetsa lole ya mafuta. Ntchito ya njanji itatha anakhalako kwawo ku Nsanje asanapeze ya malole. Anafika ku Katoto Loweruka masana, atafunsira kwa a Njanji, ndipo a Zebedee atamuzindikira anaimirira osagwira ndodo. Anakhala pakhonde. Marjorie anabweretsa tiyi ndi chinangwa. Amon anafunsa za miyendo, anafunsa za kuzizira, anakamba za msewu wa ku Chiweta ndi mabuleki ake, anakamba za anzawo amene anamwalira. Kapu inkangozungulira m'manja mwake. Munthu wobwera ndi nkhani yabwino sachedwa nayo choncho, ndipo a Zebedee ankadziwa zimenezo. Percy anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo.

Potsiriza Amon anaika kapu pansi. Anati ku Nsanje kwadzaza anthu othawa nkhondo, misasa mpaka m'mabwalo a sukulu, ndipo kumeneko anakumana ndi Annie, mng'ono wa mayi Lenia, ali pamzere wolandira ufa. Annie ndiye anamuuza zonse, namupempha kuti akadzafika ku Mzuzu adzanene, poti iye alibe mphamvu yake.

Nkhani yake inali yotere. Maliro atatha sitima zinali zitaleka, ndipo misewu inali yosayendeka, choncho mayi Lenia anakhala pamudzi kudikira. Tsiku lina m'mawa mfuti zinamveka pafupi, mudzi woyandikana nawo ukufuka utsi. Anthu onse anathawa ndi chimene anatha kunyamula. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti njanji ndiyo njira ya anthu a mfuti, ndiyo ankailondera, ndiyo ankaitchera, kotero wofuna moyo ankaidumpha msanga n'kulowa m'bango kulunjika ku Shire, komwe kunali mabwato. Gulu lawo linafika pa kasiteshoni kaja ka nsomba zowamba. Ena onse anadumpha. Mayi Lenia anatula mtolo wawo pambali pa njanji, n'kukhala pansi.

Annie anabwerera, anawakoka dzanja, anawakoka chitenje mpaka chinang'ambika. Anawachonderera, anawatukwana, analira. Amon anati mawu amene mayiwo anayankha Annie anawabwereza kangapo, ndipo iye anawasunga monga anawamvera.

“Pita iwe. Alamu ako anati ndisachoke panjanji. Akabwera ndi troli akandipeza kuti?”

Mfuti zinayandikira, Annie anali ndi ana, anathawa. Atacheuka komaliza anaona duku lobiriwira lili pomwepo. Anthu amene anawoloka pambuyo pake anati pa kasiteshoniko panalibe munthu, kanyumba kake katapsa. Annie anayenda msasa ndi msasa kufunsa, mpaka anasiya.

Amon anathera pamenepo. Marjorie anayamba kulira chapansipansi. Percy anatsamira chitseko. A Zebedee anangoyang'ana manja awo, manja aja anamanga mabawuti kuchokera ku Zambezi mpaka ku Nayuchi. Chisoni chinawagwira, inde, koma chimene chinawathyola msana n'chakuti mkazi wawo sanalakwitse kanthu. Anachita ndendende zimene anauzidwa ndi munthu amene ankamukhulupirira kuposa wina aliyense, ndipo munthuyo, tsiku limenelo, anali ku Katoto akuwotha dzuwa. A Zebedee anafunsa funso limodzi lokha, ngati Annie ananena mbali ya njanji imene mkazi wawo anakhala, ya kumtunda kapena ya kumadzi. Amon anati sakudziwa. Iwo anagwedeza mutu ngati kuti yankholo linali lofunika kwambiri.

Madzulo ake akulu a mpingo anabwera. Anakambirana ndi Percy kuti ngakhale mtembo palibe, maliro ayenera kulirika, anthu asonkhane, nyimbo ziimbidwe, kuti banja limasuke. Anagwirizana za mawa lake, mapemphero akatha. Poti belu la maliro linali la a Zebedee, mkulu wina anawafunsa mofatsa ngati adzathe, kapena apeze wina. Anati adzaimba okha.

Kunacha ndi chifunga chake cha Mzuzu, chonyowetsa ngati mvula. A Zebedee anavala chijasi, anatenga bawuti wawo, anawoloka msewu pang'onopang'ono mpaka pamtengo paja. Anthu amene anali atamva kale anaima m'makomo kudikira kulira koyamba. Anakweza dzanja. Linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika lokha. Anayesanso, osatheka. Kuimba belu limenelo kunali kuvomera kuti woyendera sadzabweranso, ndipo woyenderayo anali iwo. Anaika bawuti m'thumba, n'kukhala pansi pamizu ya mtengo, chidutswa cha njanji chikudontheza mame paphewa pawo.

Percy anadikira, kenako anawoloka. Anagwada pambali pawo, anatulutsa bawuti m'thumba la chijasi, bambo ake osakaniza. Anaimba yekha, mosadziwa, mofulumira kwambiri, moti ena anayesa la mapemphero. Anthu anabwerabe. Analowa m'tchalitchi, anaimba, anapemphera, anatuluka, anapita kunyumba ya boma yakumapeto kukakhala pamaliro. Aliyense podutsa pamtengopo ankawerama n'kunena kuti pepani chomene, adada, ndipo iwo ankayankha ndi mutu.

Dzuwa litapendeka, kamvula katayambanso, Percy anabwerera ndi ambulera.

“Bambo, tiyeni kunyumba. Mwanyowa, ndipo anthu akukudikirani.”

A Zebedee anakweza maso kuyang'ana chitsulo chija, kenako mwana wawo.

“Amayi ako sanachoke,” anatero. “Ndichoke ine?”

Percy anaima pomwepo atagwira ambulera pamutu pa bambo ake, mvula ikumutsikira m'khosi, malole a mafuta akudutsa kumsewu waukulu kulowera kumwera.